Mmene mungasankhire galimoto yakale ya 4x4 yodalirika thumba lili lochepa

Galimoto ya 4x4 yogwiritsidwapo ntchito imanyenga maso kuposa galimoto ina iliyonse. Akaitsuka n'kuiimika padzuwa, matayala akuluakulu atapakidwa polishi, chitsulo chili kutsogolo, nyali zowonjezera zili padenga, mtima umangoti iyi ndiye ikwera phiri lililonse. Ugwireni kaye mtimawo. Magalimoto amtunduwu amagulidwa kuti azivutika: amawoloka mitsinje, amasenza katundu wopitirira muyezo, amakoka ngolo, amagona m'matope. Ndipo eni ake ambiri amaganiza zogulitsa akayamba kumva kaphokoso kamene akudziwa kuti kadzawadyera ndalama zambiri. Munthu wa ndalama zochepa amagula pamsika wa magalimoto amene ena atopa nawo.

Abwino alipo ndithu, koma amawapeza ndi munthu amene wavomereza kuti ndi ndalama zochepa akugula chisamaliro chimene galimotoyo yalandira. Dzina lolembedwa paboneti libwere pambuyo. Land Cruiser yotopa imene mwathirapo ndalama zanu zonse idzakhala pabwalo itakwezedwa pamiyala, pamene mnzanu amene anagula Jimny kapena Pajero yosamalidwa akuyenda tsiku ndi tsiku.

1. Gawani ndalama musanaone galimoto iliyonse

Tengani ndalama zonse zimene muli nazo muzigawe panayi. Magawo atatu ndiwo mtengo wa galimoto. Gawo lachinayi musalikhudze, ndipo wogulitsa asadziwe n'komwe kuti lilipo. Gawo limeneli lili kale ndi ntchito: kusintha umwini, inshuwalansi, oyilo ndi mafyuluta onse, lamba wa timing (amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni mu injini), mabushi, ndiponso matayala. Matayala a 4x4 ndi okwera mtengo kwambiri kuposa a galimoto yaing'ono, ndipo sumagula limodzi lokha, chifukwa onse anayi amayenera kufanana kukula. Ngati galimoto imene mukuilakalaka singapezeke ndi magawo atatu aja, tsikani pa mtundu wocheperako.

Werengeraninso mafuta, pakuti ndiwo adzakutsatani mwezi ndi mwezi. Land Cruiser kapena Patrol ya injini ya dizilo ya malita 4.2 imamwa malita 12 kapena kuposerapo pa makilomita 100. Ya petulo ya malita 4.5 imatha kufika malita 18 mpaka 20. Jimny ya 1.3 imamwa pafupifupi malita 8. N'chifukwa chake zikuluzikulu za petulo zimapezeka zotchipa: mwini wake walephera kuidyetsa.

2. Dziuzeni zoona za msewu umene muziyendamo

Ambiri amagula galimoto ya ulendo umene amayenda kamodzi pachaka n'kumavutika nayo miyezi ina yonse. Khalani pansi muyankhe: muzinyamula anthu angati? Katundu wolemera bwanji? Vuto la msewu wanu ndi maenje ndi fumbi chabe, kapena ndi matope ozama, mchenga, miyala ndi zitunda zochita kukwawa?

Ngati ndi msewu wafumbi wa maenje basi, galimoto ngati RAV4, X-Trail kapena CR-V ikukwanirani, ndipo siidya zambiri. Koma dziwani kuti imeneyi ilibe giya yotsika ija imalembedwa 4L, imene imachepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu kawiri kapena kuposa. Popanda 4L, mukakumana ndi chitunda cha miyala muli ndi katundu mumawotcha klatchi. Galimoto yeniyeni ya m'tchire imakhala ndi transfer case (bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ya 4H, yokoka ndi matayala onse anayi pa liwiro wamba, ndi 4L, mimba yake imakhala patali ndi nthaka, ndipo zambiri zimakhala ndi chassis yazitsulo ziwiri zazitali yooneka ngati makwerero, thupi n'kumangiridwa pamwamba pake.

Palinso kusiyana kwina kumene muyenera kukudziwa musanapite kokayesa. Hilux, Jimny, Patrol ndi Land Cruiser 70 zimayenda ndi matayala akumbuyo okha mpaka inu mutalowetsa 4H. Land Rover Defender ndi Land Cruiser 80 zambiri zimakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo zili ndi difu yapakati (magiya olola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana) imene mumaikhoma mukafika poterera. Pajero, kuyambira mtundu wachiwiri wa mu 1991, ili ndi Super Select imene imalola njira zonse ziwiri. Kwa munthu wa ndalama zochepa, ine ndimakonda gulu loyamba lija, makamaka ya ndodo yamanja ndi ma hub (zokhomera za pakati pa matayala akutsogolo) opotokola ndi dzanja. Palibe kamota kapena paipi ya mpweya yoti ingakukaneni muli pakati pa matope.

3. Sankhani injini, kenako galimoto

Musanakonde mtundu uliwonse, pitani kwa amakaniko awiri kapena atatu a kufupi ndi kumene mumakhala, ndiponso kwa ogulitsa masipeya. Afunseni kuti ndi injini ziti zimene amazidziwa bwino ndipo zipangizo zake zili pashelefu lero. Galimoto yolimba chotani, ngati pampu yake ya madzi imatenga miyezi iwiri kuti ifike, kwa inu si yodalirika.

Thupi limodzi limatha kukhala ndi injini zosiyanasiyana, ina yabwino ina yovuta, choncho funsani nambala ya injini. Zina zodziwika bwino ndi izi.

Ku Toyota, 1HZ ya malita 4.2 yopanda turbo, imene inayamba mu 1990, ndi yaulesi pachitunda koma imakhalitsa modabwitsa. Vuto ndi loti aliyense akudziwa zimenezi, ndiye mtengo wake sutsika. 3L ndi 5L za mu Hilux nazonso n'zosavuta kukonza. 1KZ-TE ya malita 3.0, yopezeka mu Prado 90 ndi Hilux Surf, imakoka bwino koma ikangotentha kwambiri cylinder head (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) imang'aluka, ndipo 2L-TE ya 2.4 ili ndi matenda omwewo. 1KD-FTV, ija amati D-4D, ili ndi mphamvu koma imafuna dizilo woyera ndi kusamalira ma injector.

Ku Nissan, TD42 ya mu Patrol Y60 ndi Y61 ili m'gulu limodzi ndi 1HZ, ndipo timing yake ndi ya magiya, yopanda lamba. ZD30 ya malita 3.0, makamaka ya zaka zoyambirira, ili ndi mbiri yowononga mapisitoni. Ku Mitsubishi, 4D56 ya 2.5 ndi 4M40 ya 2.8 zimayenda zaka zambiri ngati sizinatenthepo, koma nazonso head yake sipirira kutentha. 4M41 ya 3.2 ndi yamphamvu kuposa ziwirizi. Pajero inasiya kupangidwa mu 2021 ndipo nthawi zambiri imatsika mtengo kuposa Prado ya zaka zofanana, chimene chimaipanga kukhala yoyenera kuiganizira. Ku Isuzu, 4JG2 ya 3.1 ndi yosavuta kuposa 4JX1 ya 3.0, imene ma injector ake amasautsa.

Suzuki Jimny ilipo kuyambira 1970, ndipo mtundu umene unapangidwa kuchokera 1998 mpaka 2018 ndi umene umapezeka kwambiri. Imalemera pafupifupi tani imodzi, moti imadutsa pamchenga ndi m'matope pamene zikuluzikulu zikutitimira. Koma ndi yaing'ono: anthu anayi akakhalamo, malo a katundu atha. Defender yakale, imene inasiya kupangidwa mu January 2016, makamaka ya 200Tdi kapena 300Tdi, ndi ya munthu amene amakonda kugwira sipanala yekha. Thupi lake ndi la aluminiyamu, koma chassis ndi khoma la pakati pa injini ndi okwera n'zachitsulo ndipo zimadyeka ndi dzimbiri.

Pomaliza gawo ili mukhale ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha m'mutu. Mukatero mudzayamba kudziwa mtengo wake weniweni ndi malo amene iliyonse imadwalira.

4. Sefani pafoni

Musawononge ulendo. Funsani wogulitsa kuti wakhala nayo nthawi yaitali bwanji, mapepala ali m'dzina la ndani, akuigulitsiranji, lamba wa timing anasinthidwa liti, inayamba yatenthapo, ndipo 4x4 anailowetsa liti komaliza. Mvetserani mmene akuyankhira. Mwini weniweni amakuuzani ngakhale zimene simunafunse; dobadoba amangoti "ili bwinobwino, bwerani mudzaone". Mumuuze kuti asailize injini tsiku limenelo inu musanafike, ndiponso kuti mubwera ndi makaniko wanu. Akakana chimodzi mwa ziwirizi, nkhani yathera pomwepo. Musatumize chikole cha galimoto imene simunaigwire ndi manja, ngakhale atakuuzani kuti pali anthu atatu amene akuifunanso.

5. Yambirani pansi

Pitani masana, kunja kuli kouma. Valani zovala zoti zikhoza kuda, tengani tochi, sikuludiraiva yaikulu, kanyundo, kamaginito, tepi yoyezera ndi chiguduli choyala pansi. Musalowe m'kati kaye, musayatse wailesi. Gonani pansi pa galimoto. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere za 4x4 zimakhala kunsi.

Injini imakonzedwa, giyabokosi imasinthidwa, koma chassis yowola ndiye kutha kwa galimoto. Itsateni ndi tochi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri, mukugogoda ndi kanyundo. Chitsulo chabwino chimalira ngwe ngwe. Chowola chimangoti phu phu, n'kumayoyoka makoko. Dzimbiri la pamwamba, lofiirira koma chitsulo chili cholimba, si vuto. Dzimbiri lotupa lokhala ndi magawomagawo, loti sikuludiraiva ikulowa, ndilo loopsa. Onetsetsani kwambiri pamene masipuling'i amangiriridwa, chitsulo chopingasa chakumbuyo, pafupi ndi thanki ya mafuta pamene matope amakhazikika, ndi pamene thupi lakhalira pa chassis. Lowetsani chala m'mabowo a chassis. Mukatulutsa dothi louma lambiri, galimotoyo inkalowa m'matope osatsukidwa, ndipo dzimbiri likudya kuchokera m'kati. Magalimoto ochokera kumadera ozizira kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, komanso a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndi amene amavutika kwambiri ndi zimenezi.

Kunsi kukakhala kwakuda bii ndi penti watsopano wonenepa, dzifunseni kuti munthu wogulitsa galimoto yakale wapentera chiyani malo amene anthu saona. Funani zigamba zowotcherera, malo opindika kuseri kwa bampala yakutsogolo, ndi mizere ya ming'alu pafupi ndi bokosi la chiwongolero. Kenako tengani tepi muyeze kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo mpaka pakati pa lakumbuyo, kumanja ndi kumanzere, chiwongolero chili chowongoka. Miyezo iwiriyo izifanana. Ikasiyana moonekeratu, galimotoyo inachitapo ngozi kapena chassis inapindika.

Mudakali pansipo, werengani mbiri ya moyo wake. Madifu ophwanyikaphwanyika, thanki yobinyizika, ndi zitsulo zotchinga kunsi zokandika kwambiri zikukuuzani kuti yagundapo miyala yambiri. Onani ngati propshaft yakutsogolo, chitsulo chozungulira chotumiza mphamvu kuchokera ku transfer case kupita ku difu yakutsogolo, ilipo. Musaseke: ndinaonapo galimoto yokongola, nyali ya 4x4 ikuyaka bwinobwino padashibodi, koma propshaft yakutsogolo atachotsamo kalekale chifukwa difu inali itafa. Gwirani propshaft iliyonse muigwedeze; isachite khwekhwe m'malo olumikizira. Onani mphira zokuta ma CV (mfundo zozungulitsa matayala akutsogolo) ngati zang'ambika n'kumwaza gilizi. Pa galimoto ya ekiselo yolimba kutsogolo, onani mipira yachitsulo ya kumapeto kwa ekiselo: ikamadontha phala la gilizi wosakanikirana ndi oyilo, ma seal am'kati atha. Chinyontho pang'ono cha oyilo pa galimoto ya zaka 20 n'chachizolowezi. Dontho lolendewera, kapena oyilo wothamangira kuseri kwa tayala pamene pali mabuleki, ndi ndalama.

Ngati mwini alola, makaniko atsegule bawuti yothirira oyilo pa difu iliyonse n'kuviikamo chala. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi powoloka mtsinje ndipo sanasinthe. Wonyezimira tizitsulo ndiye kuti mano akudyana.

Mukadzuka, onani matayala. Onse anayi akhale a nambala imodzi, chifukwa matayala osiyana kukula amapanikiza transfer case. Pambali pa tayala pali manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Tayala la zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, ngakhale mano alipo, liwerengereni kuti mugula lina. Tayala lodyeka mbali imodzi likunena za mabushi, ma ball joint kapena chassis. Mukakweza ndi jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze kuti mumve mabering'i, kenako kumanja ndi kumanzere kuti mumve zitsulo za chiwongolero.

M'kati, tukulani kapeti. Mchenga, matope ouma, fungo la chinyezi ndi dzimbiri pa njanji za mipando zikusonyeza kuti galimotoyo inamira m'madzi. Yotere isiyeni, pakuti mawaya ake adzakusowetsani mtendere pang'onopang'ono. Kamaginito kaja kayendetseni m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pamene sikakugwira pa thupi lachitsulo pamatidwa phala lobisa dzimbiri kapena ngozi.

Mawu amodzi pa magalimoto okongoletsedwa. Yokwezedwa kwambiri, ya matayala akuluakulu kuposa a kufakitale, ya winchi ndi mawaya olumikizalumikiza, yoti injini anaiwonjezera mphamvu, imakopa ndithu ndipo wogulitsa amafuna mumulipire zonsezo. Koma ndi imene yagwiritsidwa ntchito mwankhanza, ndipo matayala aakulu amatopetsa mabering'i, ma CV ndi klatchi. Ine ndikapeza ziwiri za mtengo wofanana, ndimatenga imene ili monga inachokera kufakitale, ngakhale penti wake atasuluka.

6. Injini ikhale yozizira

Tsegulani boneti muike dzanja pa injini. Ikakhala yofunda pamene munapangana kuti asailize, pali chimene akubisa, chifukwa injini yotha imavuta kulira m'mawa ndipo imatulutsa utsi ikadali yozizira.

Musanalize, yambani ndi madzi, pakuti kutentha ndiko kumapha injini zambiri za dizilo zakale. Tsegulani chivundikiro cha radiyeta, ndipo izi muchite injini ili yozizira basi. Yotentha ikhoza kukuwaulani nkhope. Madzi azikhala a mtundu wa mankhwala ake, obiriwira, ofiira kapena apinki. Akakhala adzimbiri, mwini wake ankangothira madzi wamba. Akakhala ndi mafuta oyandama, kapena pansi pa chivundikiro cha oyilo pali phala loyera, gasiketi kapena head ili pamavuto. Oyilo wa injini ya dizilo amada msanga, choncho kuda kokha kusakuopseni. Chofunika n'chakuti asakhale wolimba ngati phula kapena wonunkha dizilo.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, mupisitse chala m'paipi imene imachoka pa fyuluta kupita ku injini. Izikhala yoyera. Mukapezamo fumbi, ndiye kuti injiniyo yakhala ikumeza fumbi, ndipo fumbi limapala m'kati mwa injini ngati sandipepa.

Tembenuzani kiyi koma musalize. Nyali zonse za padashibodi ziyake: ya oyilo, ya batire, ya injini, ya ABS ngati ilipo. Nyali imene sikuyaka n'komwe mwina anachotsa babu kuti isaulule vuto. Tsopano lizani, wina ataima kumbuyo kuyang'ana ekizozi. Injini yabwino imalira msanga, nyali ya oyilo n'kuzima m'kamphindi. Kautsi pang'ono polira n'kabwinobwino. Utsi wabuluu wosatha ndi oyilo amene akupsa. Woyera wochita tolotolo injini itatentha kale ndi madzi kapena dizilo wosapsa bwino. Wakuda wambiri poponda mafuta umaloza ku ma injector, pampu kapena fyuluta yotsekeka.

Injini ikulira choncho, yang'anani m'radiyeta kapena m'botolo la madzi. Thovu lotuluka mosalekeza, kapena paipi yapamwamba ya radiyeta kulimba gwa patangopita mphindi ziwiri, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Imeneyo ndi head kapena gasiketi. Kenako masulani chivundikiro cha oyilo muchisiye pamalo pake osamanga. Chikamangonjenjemera pang'ono palibe vuto. Chikamadumpha n'kumatuluka utsi ngati sitima, ma ring atha.

Funsani za lamba wa timing ndipo muone chomata kapena lisiti. 1HZ, 1KZ-TE, 4D56 ndi 300Tdi zili ndi lamba. 4M40, 4M41 ndi Td5 ya mu Defender zili ndi tcheni. Lamba akaduka pa injini ya dizilo, mapisitoni amagunda mavavu. Popanda umboni, werengerani kuti sanasinthidwe. Pa galimoto ya kompyuta, makaniko alumikize kachipangizo ka OBD awerenge zolakwika zimene zasungidwa. Batire ikamatchajidwa bwino, mita imawerenga pafupifupi mavoti 14 injini ikulira.

7. Iyendetseni nokha, kwa theka la ola kapena kuposa

Kuzungulira kanyumba kamodzi sikukuuzani kanthu. Zimitsani wailesi, ndipo wogulitsa akayamba nkhani zambiri mupempheni mwaulemu kuti akhale kaye chete. Pamsewu wosalala, lowetsani magiya onse. Muli mu giya yapamwamba pa liwiro lotsika, pondani mafuta mpaka pansi: injini ikakwera mawu koma galimoto osathamanga, klatchi yatha. Chotsani phazi pamafuta mwadzidzidzi muone ngati giya ikudzichotsa yokha. Phokoso loti gu pochotsa ndi poponda mafuta limachokera ku propshaft kapena difu. Kulira kwa mluzu kokwera ndi liwiro ndi difu kapena mabering'i. Ya otomatiki isinthe magiya mosagunda, ndipo oyilo wake akhale wofiira, wosanunkha chopserera. Pa liwiro la makilomita 60 mpaka 80 pa ola, dutsani pa kabampu mumve ngati chiwongolero chiyamba kugwedezeka mwamphamvu. Vuto limeneli limadziwika pa magalimoto a ekiselo yolimba kutsogolo, kuphatikizapo Jimny, ndipo kawirikawiri limachokera ku mabering'i a kingpin ndi mabushi. Limakonzeka, koma litsitse mtengo.

Funani chitunda chachitali, yatsani choziziritsira m'kati ngati chilipo, mukwere maso ali pa singano ya kutentha. Singano ikhale malo amodzi. Ikamakwera pachitunda n'kutsika pamtsetse, galimotoyo ili ndi vuto la kuziziritsa, ndipo mwina head inavulala kale.

Tsopano chimene mwabwerera. Pitani pamalo a dothi, miyala ing'onoing'ono kapena udzu. Osayesera 4H paphula louma ndi galimoto yopanda difu yapakati, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana mpaka china chithyoke. Khomani ma hub ngati ndi amanja, lowetsani 4H, muyende. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto mukuyenda pang'onopang'ono: muzimva galimoto ikuuma ndipo matayala akukanda dothi, umene ndi umboni woti kutsogolo kukukokadi. Mukamva kuti tatata mobwerezabwereza, CV yatha. Imani, ikani giya pa nyutulo, lowetsani 4L. Galimoto izikwawa ngati kamba injini ikulira mokwera. Kwerani kachitunda, tsikani osaponda mafuta, muone ngati ndodo ikudumpha yokha. Ngati ili ndi zokhomera difu, ziyeseni zonse. Bwezerani ku 2H, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo muonetsetse kuti yatulukadi. Nyali ya padashibodi musaikhulupirire yokha. Njira ina yotsimikizira kuti ma hub ndi difu yakutsogolo zikugwira ndi iyi: galimoto ili mu 2H, injini itazima, handibuleki itakokedwa, ma hub atakhomedwa, propshaft yakutsogolo isazungulire mukaipotokola ndi dzanja.

Mukabwerako, imikani pamalo oyera, injini ilire mphindi zingapo, muyang'anenso pansi ngati pakudontha china. Yandikizani dzanja pakati pa tayala lililonse. Limene latentha kuposa anzake lili ndi buleki yogwira kapena bering'i yakutha. Zimitsani, dikirani pang'ono, mulizenso ili yotentha.

Za makilomita olembedwa pa mita, ziwerengeni mokayika. Mita ya singano ndi ya manambala owala zonse zimabwezedwa. Yerekezani ndi mphira za mapedulo, chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi zomata za sevisi. Galimoto ya makilomita 300,000 yokhala ndi malisiti a sevisi ndi yabwino kuposa ya 120,000 yopanda pepala lililonse.

8. Mapepala ndi mtengo

Nambala ya chassis yodindidwa pachitsulo ifanane ndi ya pakambale ka m'boneti kapena pachitseko, ndiponso ya pamapepala, chilembo ndi chilembo. Nambala ya chassis ya masiku ano, yotchedwa VIN, imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo simukhala I, O kapena Q. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yaifupi. Malo a nambalayo akaoneka opalidwa kapena owotcherera, chokanipo. Onaninso nambala ya injini. Dzina la pa kalata ya umwini lifanane ndi chiphaso cha amene akukugulitsani, ndipo mukafufuze ku ofesi yolembetsa magalimoto ndi kupolisi ngati siinabedwe kapena kukhala chikole cha ngongole. Ngati inachokera ku okushoni ya ku Japan, pemphani pepala la okushoni. Chilembo R kapena RA chimatanthauza kuti inakonzedwapo pambuyo pa ngozi.

Galimoto ikadutsa zonsezi, mulipireni makaniko wanu, osati wa wogulitsa, kuti ayeze compression, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda asasiyane kwambiri. Amakaniko ambiri amayamba kukayika kusiyana kukapitirira 10 peresenti.

Zolakwika zimene mwapeza zigaweni patatu. Zothawitsa: chassis yowola kapena yopindika, thovu m'radiyeta, kumira m'madzi, mapepala osamveka. Pa izi palibe mtengo wabwino. Zotsitsa mtengo: klatchi, matayala, mashoko, mabushi, ma CV, ma seal odontha, lamba wa timing. Funsani mtengo wa chilichonse kwa ogulitsa masipeya, muphatikize ndi wa ntchito, mumuonetse wogulitsa papepala. Munthu amavutika kutsutsana ndi pepala kusiyana ndi mawu oti "tsitsaniko pang'ono". Zosafunika kudandaula nazo: penti wosuluka, mpando wong'ambika, wailesi yakufa. Zimenezi ndi zimene zimathawitsa ogula ena n'kukusiyirani inu galimoto yabwino pa mtengo wotsika.

Mukagwirizana, lembani pangano lokhala ndi mayina, nambala ya chassis, mtengo, tsiku ndi mboni. Lipirani m'njira yosiya umboni, ndipo makiyi ndi mapepala muwalandire nthawi yomweyo.

9. Sabata yoyamba

Apa ndi pamene gawo lachinayi lija ligwire ntchito. Musakhulupirire kuti "sevisi yangochitika kumene". Sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa transfer case ndi wa madifu onse awiri, pamodzi ndi fyuluta ya oyilo, ya mafuta ndi ya mpweya. Sinthani lamba wa timing limodzi ndi tensioner yake, ndipo makaniko aone pampu ya madzi ali pomwepo. Tsukitsani radiyeta, ikani thermostat ndi chivundikiro chatsopano, muthire madzi a mankhwala. Thermostat musaichotse ngakhale wina akuuzeni kuti injini izizizira bwino popanda iyo. Popani gilizi m'timabowo tonse ta propshaft ndi chiwongolero, sinthani mafuta a mabuleki, ndipo muone ngati jeke, sipanala ya matayala ndi tayala lapadera zilipo ndipo zikugwira ntchito.

Zitsulo zokongoletsa, nyali ndi zokwezera galimoto zidikire miyezi itatu, kufikira mutadziwa chimene galimotoyo ikufunadi. Lembani m'kabuku tsiku ndi makilomita a chilichonse chimene mwasintha. Kamodzi pamwezi lowetsani 4H ndi 4L muyende makilomita angapo pamsewu wadothi kuti oyilo azungulire kutsogolo ndipo ndodo isaume. Ndipo tsiku lililonse limene mwawoloka madzi ofika pakati pa matayala, mawa lake tsegulani bawuti ya difu muone mtundu wa oyilo.